Diso Losalavula

Kuyang'anidwa ndinakuzolowera ndikadali kumsana.
Amayi apakati pamsika wa Kapata ankati akandiona,
n'kulavulira m'bulauzi mwakachetechete.
Ana a ku Mchini ankanditsata mpaka pamjigo:
chidangwaleza, chidangwaleza!
Zaka makumi atatu ndi zinayi maso ali pa ine,
koma kachilonda kuseri kwa khutu langa
palibe anakalabadira.

Ndine Akimu Shawa, ndimapalasa njinga yonyamula anthu,
Kapata, Navutika, Magazini, kulikonse kuli ndalama.
Wokwera amakhala kumbuyo kwanga,
mphuno yake pafupi ndi khosi langa,
koma iye ali pafoni, kapena akuwerenga chenji.

Kankayabwa. Kankauma. Kankayambanso.
Ine ndinati ndi mkombero wa chisoti ukundipala.
Zelipa, mkazi wanga, anapakapo mafuta a nsatsi
n'kunena kuti ndisiye kukanda.

Lachinayi lina ndinapita kukiliniki
kukatenga mafuta oteteza kudzuwa, basi.
Sisitala Miti anati, vulani chisoti, masiku ano tikujambula.
Mphumi, milomo, mikono, khosi.
Anapinda khutu langa ndi chala chozizira.
Kagudumu pafoni kanazungulira, kanazungulira,
netiweki ya kwathu mukuidziwa,
kenaka panatuluka chizindikiro chofiira.

Anakhala chete pang'ono.
Ine ndikanati ndi chilonda cha thukuta, anatero.
Izi ndi nzeru zamakina, sizikugamula kuti ndi khansa,
zikungoti musagonere.

Ndinafunsa, zaphunzira kuti, poti zilibe khungu?
Anati zinaonetsedwa zithunzi zikwi ndi zikwi,
zilonda za anthu a m'maiko amene sindidzapondako.
Usiku umenewo tulo tinandithawa.
Ndinkaganiza za anthu aja, opanda maina,
aliyense atapendeketsa mutu kuti ajambulidwe,
ena anachira, ena udzu unamera kale pamanda awo,
onse pamodzi akuloza chala kuseri kwa khutu
la wopalasa njinga wa ku Chipata.

Mkulu wanga Yotamu mulibe m'gulu limenelo.
Iye palibe anamujambula.
Chake chinayambira pamlomo, chaching'ono ngati mapira,
anazungulira nacho kwa owombeza zaka ziwiri,
tinamuika atakulunga nkhope m'chitenje
asanakwanitse zaka makumi atatu.

Kuchipatala chachikulu dokotala anayang'ana yekha,
ndi maso ake, ndi galasi lake,
anadula kanyama konga nsawa imodzi,
n'kusoka kasanu.
Kanyamako anakaika m'kabotolo, kanakwera basi ya ku Lusaka.
Taonani, khutu langa lafika ku Lusaka
mwini wake sanapyole pa Katete!

Masabata atatu.
Njinga inatsamira khoma, matayala akuphwa okha.
Ngongole ya makala inakula pa kantemba ka a Soko.
Zelipa ankatsuka mbale zotsuka kale.

Yankho linabwera papepala lopinda pawiri.
Inali yomweyo, imene inatenga Yotamu,
koma inali isanazike mizu.
Tazula yonse, anatero dokotala. Mubwere pakatha miyezi itatu,
ndipo chisoti chanucho n'choseweretsa ana, gulani chachikulu.

Kuthokoza chinthu chopanda manja sindikudziwa.
Sichingalandire nkhuku, sichimva kuwomba m'manja.
Sichindikonda, ndikudziwa,
sichinadziwe n'komwe kuti ndine Akimu.
Koma chinandiyang'ana osalavula,
osatembenuka, osaitana mnzake kuti adzaone.
Nsawa theka la thumba ndinakatula kwa Sisitala Miti,
poti chala chimene chinapinda khutu chinali chawo.

Dzuwa likadalipo, mdani wolawira m'mamawa,
limandidikira pamwamba pa phiri la Kanjala.
Ndimapalasa m'chisoti chotambalala ngati lichero,
anzanga pasiteji akuti ndine ambulera ya Airtel.
Dzulo mtsikana wina wa sukulu, ali kumbuyo kwanga, anafunsa,
ankolo, apa munatani?
Ndinayamba kumufotokozera pa chitunda cha Moth,
mpweya unandithera ndisanafike pakati.